Zikuto za Chidindo Chofiira

Nchenachena, Rumphi
14 Januwale 2024

Adumbu anga a Dinah,

Monire a bwana a ku Lilongwe. Kuno tili makola, kupatula mvula imene yatsimikiza mtima kuti ikokolole Nchenachena yense. Dzulo njinga yanga yamoto inamira m'matope ndili ndi pasinjala, mayi wonenepa ndi thumba lake la nyemba. Ndinanyamula zonse paphewa, njinga, mayi ndi nyemba, mpaka pamtunda. Funsani aliyense. Amama ali bwino, miyendo yokha ndi imene ikuwavuta, koma ku Umanyano, msonkhano wa amayi a ku tchalitchi, sajomba.

Ndikulemba m'Chichewa cha kwanuko dala, kuti mukaiwala kalatayi pa tebulo, anzanu a mu ofesi aone kuti kwa a Harawa ngakhale wa kabaza ndi pulofesa.

Foni yanu yatani? Ndaimba mpaka chala chafupika. Kapena mwalemera, mawu a anthu onunkha petulo akukupwetekani m'makutu?

Wailesi yanena kuti mapepala achinsinsi a ku ofesi kwanu atuluka, aja onena za katundu amene anagulidwa pa mtengo wa mutu wa munthu. Pa siteji pa boma aliyense ali nawo pa foni, ngakhale amene amawerenga chozondotsa. Anyamata akabaza anali kukangana ngati anawalemba ndi iwo. Ine ndinangoseka. Ndinati, ana inu, zimenezo ife a Harawa tinazidziwa chimanga chisanamere. Adumbu anga ndi amene amagwira makiyi a mafayilo, pepala silitsokomola mu ofesi imene ija iwo osamva.

Ena anati ndikunama, ndiye ndinawaonetsa umboni. Mukukumbuka zikuto zakale za mafayilo zimene munatibweretsera kuti ana azikutira makope? Chimodzi, cha chidindo chofiira cha chinsinsi, ndinamulanda mwana wanga Luntha. Ndimasungamo mapepala a njinga. Ndikachipanira m'khwapa pamsika anthu amandipatukira, ndipo mayi wa tomato amandiwonjezera popanda kupempha. Yona, mnzanga wa pa siteji, anandijambula nditachigwira pachifuwa, nkuika pa Fesibuku, pansi nkulemba kuti mwini zinsinsi ali ku Rumphi. Ndatuluka bwino chomene. Mungaganize kuti ndi nduna imene yangoiwala kumeta.

Mukapeza zikuto zina titumizireni, makamaka zofiira. Mupatse a Tenesi a basi, amasiya katundu wanga pa golosale ya pa siteji.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Wongani

Lilongwe
25 Januwale 2024

Wongani,

Kalata yako ndailandira. Ndakondwa kumva kuti amama akuyenda. Mafuta opaka miyendo nditumiza ndi a Tenesi.

Foni yanga sinawonongeke. Atilanda tonse a ku rejisitire, chipinda chosungira mafayilo chija unachiona utabwera kuno. Mapepala amene atulukawo anali mu fayilo imene inkakhala pa shelefu yanga, ndipo fayiloyo yasowa pamodzi ndi chikuto chake. Inadutsa m'manja mwa mabwana angapo, koma ofufuza akabwera amayambira kwa ife ogwira makiyi.

Ntchito imene unaiona ija kulibenso. Timasechedwa polowa ndi potuluka, mpaka m'kontena ya chakudya. Aika kamera pamwamba pa tebulo langa. Mabwana asiya kulemba, akumangouzana pakhonde, ndiye mafayilo atsopano akutsika opyapyala ngati mulibe kanthu. Wina akadzafuna kudziwa kuti analamula chakuti chaka chino ndani, sadzapeza yankho. Anthu opuma pantchito amene amabwera kudzafuna makalata awo akubwezedwa pageti, ati chipinda chatsekedwa. Dzulo ndinaona pawindo bambo wina wachikulire atakhalira chikwama chake padzuwa. Fayilo yake ndikanaipeza madzi a tiyi asanawire. Sindinaloledwe ngakhale kumufunsa dzina.

Tsopano za iwe. Chiyambire ntchitoyi sindinakuuzepo mawu amodzi a zimene ndimasunga. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa, koma anthu a pa Fesibuku sakudziwa kuti mlongo wanga amanyamula njinga ndi pasinjala paphewa. Akaona chithunzi chako akhulupirira. Muuze Yona achichotse lero lomwe, ndipo dzina langa lichoke pa siteji.

Ndilibe chinthu china padziko pano, Wongani. Ndilibe munda, ndilibe golosale. Ndili ndi mbiri yoti pepala likalowa m'manja mwa NyaHarawa silituluka. Imeneyo ikapita, palibe angandipatsenso kiyi.

Amama usawauze kanthu.

Ndine mlongo wako,
Dinah

Nchenachena
5 Febuluwale 2024

Adumbu,

Monire. Mafuta afika, amama apaka, tsopano akuthamanga kuposa njinga yanga. Ati yewo chomene.

Mwandikalipira ngati ahedi a ku pulayimale, mpaka ndinawerenga kalata yanu nditaimirira, manja kumbuyo. Yona wachotsa chithunzi. Koma chinali chitabereka kale. Chili ku Mzuzu, chili ku Karonga, wina anachiona ku Joni. Ndikanakhala woimba bwenzi pano ndikukana maukwati.

Koma adumbu, inu mumaopa msanga. Kamera saika pa munthu wamba. Ine ndayenda dziko lino kuyambira ku Thazima mpaka kunyanja, palibe anandiikirapo kamera. Akufuna aone mmene mumagwirira bwino ntchito. Nkhaniyi ikatha akukwezani, mudzaona. Mukadzalandira galimoto ndidzakhala dalaivala wanu, yunifomu ndasankha kale.

Za kulankhula ndasiya, monga munalamulira. Munthu akandifunsa za mapepala aja ndimangogwira pakamwa, nkuloza kumwamba, nkugwedeza mutu pang'onopang'ono. Sinditulutsa liwu ngakhale limodzi. Mukanaona mmene akundiopera tsopano.

Amama sindinawauze. Anamva okha ku tchalitchi kuti mwana wawo ndi amene waulula akuba a ku Lilongwe. Anabwera kunyumba akuimba sumu za ku tchalitchi. Ndinati ndiwatsutse, koma chimwalirireni adada sindinawaone akuseka chotero, ndiye ndinawasiya.

Foni yanga nayo inagwera mumtsinje powoloka, pano ikulankhula ndi nkhanu. Tikhala tikulemberana ngati anthu a nthawi ya atsamunda.

Musaonde ndi maganizo. Kuno muli ndi mlongo amene mvula imamupempha chilolezo.

Wongani

Lilongwe
14 Febuluwale 2024

Wongani,

Werenga kalatayi mpaka kumapeto usanachite china chilichonse.

Andiimitsa ntchito. Anandiitana pamaso pa komiti, nkuika chithunzi chako pa tebulo. Chikuto chimene wagwiracho n'chofanana ndi cha fayilo yosowa ija, mtundu womwewo, chidindo chomwecho. Pamene pali nambala waphimba ndi dzanja. Akuti ndinatulutsa fayilo nkukutumizira.

Ndinawauza zoona. Zikuto zimenezo zinatha ntchito mu 2019, pamene tinkasintha zong'ambika. A Chipeta, amene anali mkulu wathu, anatilola kutenga zopanda kanthu m'malo mozitaya. Anangonena pakamwa, ndipo a Chipeta anatisiya. Koma ine sinditaya chinthu osachilemba. Chikuto chilichonse ndinachidula ndi mizere iwiri kumbuyo, nkulemba tsiku, a Chipeta nkusainira. Tembenuza chako uone. Nambala yake ndi ya fayilo ina, ya matayala a galimoto, imene inatsekedwa kalekale. Akangochigwira m'manja, nkhani yatha.

Komiti yavomera kudikira mpaka Lachisanu loyamba la Malichi. Tenga chikutocho ndi zina zonse zimene zili pa makope a ana. Usachotse kanthu, usafufute kanthu, ngakhale pali mafuta a njinga kapena dzina la Luntha. Uzikulunge m'pulasitiki, ubwere nazo wekha.

Sindingakuimbire pa foni ya munthu wina. Andichenjeza kuti ndikatero ziwoneka ngati tikupangana. Kalatayi ndaionetsa kwa mlembi wa komiti ndisanaimate.

Pa ntchito yathu chinthu choyamba chimene amatiphunzitsa n'chakuti pepala lonyansa, lochititsa manyazi, ngakhale looneka ngati likukutsutsa, umalisunga. Tsiku lina ndi limene limakuyankhira.

Ndikukudikira.

Dinah

Nchenachena
19 Febuluwale 2024

Adumbu anga okondedwa,

Monire. Mwakhala chete, koma ine ndamva kale. Temwa, mwana wa a Msiska a ku tchalitchi amene amagwira ntchito kwanuko, anauza mayi ake kuti akuimitsani chifukwa cha chikuto changa. Bwanji osandiuza? Mumaganiza kuti mlongo wanu ndi wa nthabwala zokha?

Pukutani misozi. Ndakonza zonse.

Ndinakhala pansi nkuganiza ngati loya. Ndinati, akufuna chiyani anthuwa? Umboni. Nanga umboni ukasowa, amanga ndani? Ndiye m'mawa kutacha sindinapite ku siteji. Ndinatenga chikuto chija, nkuvula makope onse a ana, mmodzimmodzi. Luntha analira, ati aphunzitsi amukwapula chifukwa cha makope amaliseche. Ndinati, mwana iwe, lira, ukupulumutsa ankhazi ako a Dinah. Ndinakumbukanso kuti mkazi wanga anagawirako anzake. Ndinayenda khomo ndi khomo m'mvula, mpaka ndinakwera phiri kukafika kwa mayi wina amene anatsekera nacho pawindo. Apolisi a dziko lonse atasonkhana sakanafufuza mmene ndinafufuzira ine.

Zinali zonyowa, moto unkakana. Ndinapopa petulo mu njinga yanga, petulo wa masiku ano, nkuthira osaumira. Lawi lake linafika pa nsonga ya mtengo wa mapeyala. Anthu a ku Livingstonia ayenera kuti anaganiza kuti kwatuluka dzuwa lachiwiri. Phulusa ndinakathira mumtsinje, pano lili m'mimba mwa usipa.

Tsopano abwere. Ndidzawalandira ndi tiyi. Ndidzati, chikuto chanji, mabwana? Chija chinali chikatoni cha sopo, Yona anachipenta pa foni. Asecha nyumba, asecha khola, akumba chimbudzi ngati akufuna. Sapeza ngakhale kachidutswa kokwana kukolezera fodya.

Inu kumeneko ingokanani. Mukabwerera pa mpando wanu musaiwale amene anakupulumutsani. Sindifuna zambiri, chipewa chokha cha dalaivala chija.

Amama akupemphererani m'mawa ulionse.

Ndine loya wanu wosalipidwa,
Wongani

Rumphi Boma
24 Febuluwale 2024

Adumbu,

Kalata yanu ya pa 14 ndaipeza lero. Inali pa golosale, pansi pa sikelo. Msewu unaduka, sindinatsike ku boma, ndipo yanga ija ndinapatsira munthu woyenda pansi. Pamene ndinkathira petulo, yanu inali itafika kale.

Ndaiwerenga pakhonde la golosale. Mwini wake anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Mizere iwiri ija ndinaiona, adumbu. Pamene chikuto chinkapindika pamoto ndinaiona, ndi siginecha pansi pake. Ndinaganiza kuti ndi ana analembalemba.

Ndibwerera kumudzi kukayendanso makomo onse. Mwina pali chimodzi chimene chinandiphonya. Koma ndikudzidziwa, tsiku lija ndinagwira ntchito bwino.

Ndibwere ndidzalankhule ndi komiti? Ndidzagwada. Ndidzawauza kuti ndine chitsiru, ndibwera ndi anthu a pa siteji adzachitire umboni. Ndiuzeni chochita, ndichita chomwecho basi, osawonjezera.

Wongani

Lilongwe
11 Malichi 2024

Wongani,

Makalata ako onse awiri anafika. Sindinayankhe msanga chifukwa dzanja linkakana.

Tsiku la komiti ndinapita ndekha. Ndinapempha kuti akumve, anati munthu wa pachithunzi sangakhale mboni ya mlongo wake. Wapampando anafunsa kuti chikuto chili kuti. Ndinati chinawotchedwa. Anafunsa kuti liti. Ndinati nditaimitsidwa kale. Anafunsa kuti anawotcha ndani. Ndinanena. Anavula magalasi nkuwaika pa tebulo, ndipo sanafunsenso china. Za chikatoni cha sopo sindinanene. Sindinanamepo pa za pepala, sindikanayambira tsiku limenelo.

Sanapeze kuti ndinatulutsa fayilo, poti sindinatulutse. Alemba kuti sangandikhulupirirenso. Andichotsa. Amene anatulutsa mapepalawo sakudziwika mpaka lero, ndipo sindikuona ngati akumufunabe.

Popita kukapereka makiyi ndinaona utsi kuseri kwa ofesi. Alamula kuti mafayilo akale achepetsedwe, ati zimene kulibe sizingatuluke. Anyamata amatola ndi wilibala. Ndinazindikira mitolo ina ndi chingwe chimene ndinamanga ndekha. Muli mayina a anthu mmenemo, malo awo, zaka zimene anagwira ntchito. Ndiye usadzione ngati chitsiru chokhacho. Nzeru yako ija ali nayonso a masuti.

Isabella, mtsikana amene ndinkamuphunzitsa ntchito, walemba kalata yosiya. Ati bola kukagulitsa kaunjika kusiyana ndi kusunga zinthu zimene zidzakumangitsa.

Sindikukuda. Ndayesa, zikukanika. Zikutozo ndinabweretsa ndine, ndipo pakamwa pako ndinkapadziwa kuyambira uli wosavala.

Chimene chikundipweteka ndi china. Anthu akundiimika pamsewu nkundigwira chanza. Ati mayi olimba mtima, munawaonetsa akuba. Mayi wina mu minibasi anandilipirira. Ndikati sindine, amatsinzina diso limodzi. Bola akananditukwana. Zaka zonsezi ndinasunga pakamwa ndi makiyi, ndipo ndidzakumbukika ndi chinthu chokhacho chimene ndinalumbira kuti sindidzachita.

Nyumbayi ndi ya ofesi, ndiyenera kutuluka mwezi uno usanathe. Ndibwera kumudzi. Amama ndidzawauza ndekha.

Dinah

Nchenachena
18 Malichi 2024

Adumbu,

Monire. Kuno tilipo. Mvula yayamba kuchepa, msewu aukonza.

Chipinda chanu takonza. Denga linkadontha pakona, ndasintha lata. Ndikananena kuti ndamanga nyumba yosanja, koma ndi lata limodzi.

Ndinayesa kukonza dzina lanu. Lachiwiri pa siteji ndinakwera pa benchi, ndinaitana akabaza onse, amayi a tomato, makondakitala. Ndinati, anthu inu, ine Wongani Harawa ndine wabodza. Mu chikuto chija munali mapepala a njinga. Adumbu anga sanandiuzepo kanthu chibadwire, ngakhale mtengo wa nsapato zawo. Sanatulutse pepala la munthu. Awachotsa ntchito chifukwa cha pakamwa panga ndi machesi anga.

Anandiombera m'manja. Yona anati, wakula mnyamata, wadziwa kubisa. Kondakitala wina anandinong'oneza kuti tamva, akulu, sitiuza munthu. Ndinalumbira, ndinatchula manda a adada, ndinalira pamaso pa anthu. Ati taonani mmene akuwakondera adumbu ake. Lamulungu ndinapempha kulankhula pambuyo pa mapemphero, zinatha chimodzimodzi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunama, anthu nkumaseka. Ndanena zoona kamodzi, palibe wandikhulupirira.

Amama okha ndi amene anamvetsa. Sindinafune kukutsogolerani, koma anali pa benchi yakutsogolo. Titafika kunyumba anangofunsa kuti, kodi mwana wanga akudya? Kenako analowa m'chipinda chanu nkuyamba kuyala.

Pali chinthu china muyenera kudziwa. Anthu akonza zokulandirani. Akabaza akuti adzakuperekezani pa mzere kuchokera pa boma, mahutala akulira. Amayi ena apeka nyimbo, muli dzina lanu ndi mawu oti munaulula. Ndawaletsa, sakumva. Akhala akundifunsa tsiku.

Ndawauza kuti mukufika Loweruka pa 30, masana, ndipo ndawonjezera kuti mubwera ndi atolankhani. Akhulupirira onse.

Inu mubwere Lachinayi. Musafike pa boma. Muwauze a minibasi akutsitseni pa mphambano ya msewu wopita kwathu, ndidzakhala nditaima pamenepo ndi njinga. Ndikudziwa njira yodutsa m'minda ya khofi imene sikumana ndi munthu.

Mlongo wanu,
Wongani